Kalipentala ndi Maso Achikasu

Kalipentala wa kuseri kwa msika sakhoma mabedi ngati anzake. Ntchito yake ndi timipando ta ana ofooka khosi ndi msana, tokhala ndi lamba pachifuwa kuti mwana asatsetsereke. Anayambira pa mwana wake yemwe, mtsikana amene pano ali ndi zaka khumi ndi zinayi.

Mkuluyu ndi waukali, tisabise. Makolo akabwera kudzayezetsa mpando, amabweranso ndi nkhani zawo: uyu akuti anamulodza azakhali, uyo akuti mayi ake sanadzisunge ali oyembekezera. Iye amaponya tepi pansi. "Wina anachedwa kulira pobadwa, wina anabadwa masiku asanakwane, wina malungo anamulowa m'mutu, inu muli kalikiliki kusaka mfiti!"

Mwana wakeyo chinamupweteka ndi chikasu. Maso atasintha tsiku lachiwiri chibadwire, akuluakulu anati muzimuika padzuwa m'mawa, chitha chokha. Anamvera. Pomwe ankafika kuchipatala, ubongo unali utavulala kale.

Ndiye tangoganizani! Lachitatu lapitali anapita kukaona khanda la mng'ono wake, n'kupeza alamu ake ali pakhonde, mwana atamuyanika padzuwa ngati chovala, maso ali achikasu, bere akukana.

"Mukutani apa?"

"Musadere nkhawa, achimwene," anatero mng'ono wakeyo. "Apongozi akuti ana onse amatero."

"Ana onse? Iwe, ukabwera kwathu umakhala ukuyang'ana kudenga? Mwana wanga sumuona?"

"Zija n'zina, achimwene. Paja anthu amati..."

"Anthu ati? Dzuka!"

Apongoziwo anayamba kudandaula kuti khanda la masiku atatu siliyenda pafumbi, koma kalipentala anali ataimitsa kale galimoto pamsewu, utuchi uli m'tsitsi.

Kuchipatala namwino anangotsegula chikope cha mwanayo n'kuthamanga naye. Anamugoneka pansi pa nyale zabuluu atamuphimba maso. Dokotala anati akanachedwa masiku ena awiri, nkhani ikanakhala ina.

Kunyumba kalipentala anapeza mwana wake, yemwe anali atamva kale za khandalo, akudikira kuti amudyetse. Mtsikanayo analimbana ndi lilime kwa nthawi, mpaka mawu anatuluka: "Khanda... lichira?"

"Lichira, mayi. Tafika msanga."

Mtsikanayo anaseka ndi thupi lonse, manja akugwedezeka. Bambo ake mtima unawawawa, ndipo anangowerama n'kumauzira chakudya chomwe chinali chitazizira kale.