Nyuzi za Bambo Pansi pa Mandasi

Katoni ija inali ya nthochi, yamabowo m'mbali, ndipo inkakhala pansi pa tebulo la bambo m'nyumba yathu ya lendi ku Lawrence, m'mphepete mwa mzinda wa Indianapolis. Munali nyuzi zokhazokha, zojambulidwa pa makina kuchokera ku nyuzipepala za ku Mangalande za m'nthawi ya Mfumukazi Vikitoliya. Tizilembo take tinali ngati nyerere, ndipo m'mphepete monse bambo anali atalembamo ndi pensulo. Ine ndinali mu giredi 4. Lamulo la m'nyumba linali loti katoni ya bambo sakhudza, ngakhale utasamba m'manja ndi sopo.

Kumudzi bambo anali mtolankhani wa zaluso. Ankalemba za mabuku, oimba ndi azisudzo pa kakona kotsala mpira ukadya tsamba lonse. Kuno kutsidya kwa nyanja anabwera kudzachita digiri ya udokotala pa yunivesite ina ku South Bend, kufufuza mmene nyuzi zakalezo zinkalembera za mabuku, nyimbo ndi zojambula. Thandizo la sukulu linatha digiri isanathe, ndiye tinasamukira ku Indianapolis kumene mayi anapeza ntchito yosamalira nkhalamba. Bambo analowa ganyu yonyamula katundu ku weyahausi, n'kumalemba akaweruka. Chisanu cha chaka chimenecho mphunzitsi wawo anawauza mosapsatira kuti akapanda kupereka machaputala otsala sinowo isanasungunuke, sukulu ithera pomwepo.

Pa chakudya ankatulutsa pepala limodzi n'kumatimasulira m'Chichewa. Ankati anthu a nthawi imeneyo ankatha kukangana m'nyuzi mwezi wathunthu chifukwa cha buku limodzi, ndipo woimba akaphonya mawu madzulo, m'mawa tauni yonse inkakhala itawerenga. Akamanena zimenezi nkhope yawo inkawala, chakudya n'kuzizira m'mbale. Ine ndinkamva zonse, koma ndinkayankha m'Chingerezi, maso ali pa TV. Lero ndimaona kuti munthu uja analibenso wina womumvetsera. Omvera ake onse tinali ife awiri: mwana wa makatuni, ndi mkazi wotopa amene ankasinza supuni ili m'manja.

Kutchalitchi amalume, mchimwene wa mayi yemwe anali nesi ku Beech Grove, ankawatcha bambo kuti a Dokotala a Nyuzi. Ankawafunsa pagulu kuti adzachiza matenda anji ndi nkhani za azungu amene anawola kalekale, n'kuwakumbutsa kuti kosi yosamalira odwala ndi ya masabata ochepa chabe. Bambo ankaseka nawo limodzi. Tikafika kunyumba ankangolunjika pa tebulo lawo.

Loweruka lililonse mayi ankakazinga mandasi a kutchalitchi. Kwathu mandasi akachoka pamoto amawayala pa nyuzi yakale kuti imwe mafuta, koma kuno nyuzi sitinkagula, ndipo mapepala a kukhitchini ankangomatirira. Mayi ankakonda kuwanyogodola bambo kuti nyumba yadzaza ndi nyuzi zakale kuposa za aliyense, koma mandasi awo akusowa pogona. Bambo ankayankha kuti mandasi adikire, adzagona pa digiri.

Chisanu chija chinatalika. Manja a bambo anang'ambika ndi kuzizira kwa ku weyahausi mpaka pensulo ankaigwira ngati khasu. M'mawa popita kusukulu ndinkawapeza atagona mutu uli pa mapepala, jekete ya kuntchito asanavule. Anasiya kutimasulira pa chakudya. Ine ndinangoti zandiyendera.

Lachisanu lina, sinowo itayamba kusanduka matope m'mbali mwa msewu, anavala suti n'kupita ku South Bend. Atabwera madzulo mayi anawafunsa pakhomo pomwe, “Mwasabimita machaputala aja?” Iwo anangoti msewu unali woterera, n'kupita kukagona.

M'mawa mwake mafuta ali pamoto, bambo analowa m'khitchini atanyamula katoni ija. Anaiika patebulo pafupi ndi mtanda.

“Amake mwana, yalani izi.”

“Ayi, abambo ake,” anatero mayi. “Ndimangocheza ine.”

Bambo anatenga mapepala okha n'kuyala m'beseni, limodzilimodzi, akuwongola makona ngati akuyala nsalu patebulo la alendo. Kenako anatenga chipande m'manja mwa mayi n'kuvuula mandasi oyamba. Mafuta anafalikira pa tizilembo tija, pepala n'kuyamba kuonekera, ndipo za pensulo zinazimiririka. Mayi anatembenukira kuzenera, mandasi otsala n'kupserera mupoto. Fungo limenelo, la mafuta opserera ndi inki, mpaka pano limandidula njala.

Lamulungu lake anthu anadya, n'kupukutira zala pa mapepala omwewo. Amalume anayamikira kuti mandasi a lero ndi a kumudzi enieni. Mwezi wotsatira bambo analembetsa kosi ija. Mpaka lero amasambitsa nkhalamba, ndipo ndikawagulira buku amathokoza bwinobwino n'kuliika pamwamba pa filiji. Zimandipweteka, koma palibe chimene ndingabweze.

Katoni ija inatikwanira mpaka chilimwe. Loweruka lililonse ndinkathamangira kukatapamo mapepala, chifukwa tsopano ankandilola kuikhudza. Ndinkanyadira kuti nyuzi za bambo zapeza ntchito, ndipo sindinkamvetsa chifukwa chake mayi ankandiuza kuti ndiziyala mbali yolembedwa ndi pensulo iyang'ane pansi.