Ng'ombe Yathu Ili Padenga la Tchalitchi

Ndikukumbukira chaka chimene mpingo wathu unaganiza zochotsa udzu padenga la tchalitchi n'kukhomapo malata. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 7, ndipo ndinali mwana wapakamwa kwabasi. Tinkakhala kumtunda kwa Nsipe, kumene mphepo yachisanu imang'amba milomo. Ababa ankalima chimanga ndi mbatata ya kachewere. Anali munthu wofatsa, wosachuluka mawu, koma akayamba kuimba besi m'tchalitchi, benchi inkachita kunjenjemera.

Chuma chathu chonse chinali ng'ombe imodzi yaikazi, dzina lake Mawanga, imene agogo anasiyira ababa. Kwathu kunalibe mwana wamwamuna, choncho woidyetsa ndinali ine. Inkakonda makoko a nthochi, ndipo ikangondiona ndikutulukira kuchokera kusukulu inkalira ngati ikundidandaulira kuti ndachedwa. Chaka chimenecho inali ndi bere. Ababa ankaisisita pamimba n'kumati, “Lute, kamene kali umuka ndi fizi yako ya kusekondale.”

Akuluampingo anakonza Lamulungu la chopereka chapadera cha malata. Mwambo wake unali wakuti banja lililonse limaitanidwa ndi dzina, mwana wa m'banjamo amanyamula envulopu akuvina mpaka kutsogolo, kenako mlembi amatsegula n'kulengeza kuti ndalamazo zikwana malata angati. Akalengeza zambiri, amayi ankaimba nthungululu. Akalengeza zochepa, anthu ankangowomba m'manja kawiri, basi.

Mnzanga Esinati, amene bambo ake ankagulitsa mbatata kwa eni malole, anandiuza kusukulu kuti kwawo adzapereka malata khumi. Anandifunsa kuti nanga kwathu ndi angati. Nditafika kunyumba masanawo ndinapeza ababa atakhala pafupi ndi nkhokwe akusankha mbatata ya mbewu, ndipo ndisanavule n'komwe yunifolomu ndinayamba.

“Ababa, ife tidzaperekanso timakobili tathu tija? Ine envulopu yake sindidzanyamula. Anzanga amandiseka, akuti kwathu timapereka ngati tikugula machesi.”

“Iwe Lute!” anakuwa amayi ali kukhitchini. “Pakamwa pakopo padzakupweteketsa!”

Ababa sanandikalipire. Dzanja lawo linangoima m'malere, mbatata ili m'manja, maso ali pa ine. Kenako anaiponya mudengu n'kupitiriza kusankha. Ndikanakonda akanandimenya tsiku limenelo.

Loweruka anakwera njinga kupita ku Nsipe. Zimene anakachita kumeneko ndinadzazidziwa mochedwa. Anapita kwa a Kamwendo, mwini golosale amene ankakongoza ndalama za katapila. Katapila ndiye uja woti ukatenga zana, pakutha pa mwezi umabweza zana ndi theka, ndipo ukalephera, mwezi winawo zimaberekananso. A Kamwendo anafuna chikole, ababa n'kutchula Mawanga. Iwo ankadalira mbatata ya kudimba, imene inali itayamba kale maluwa. Ankati akangokumba, abweza zonse munthu wina asanadziwe.

Lamulungu lija envulopu inali yonenepa. Ndinavina ine! Ndinavina mpaka duku linagwa. Mlembi anawerenga kawiri, n'kukweza mawu kuti banja lathu lapereka malata khumi ndi awiri. Tchalitchi chonse chinaphulika. Amayi a chigwirizano anathamangira ababa n'kuwakupiza ndi zitenje. Ndinatembenuka kufuna kuona nkhope ya Esinati, ndipo mtima wanga unakoma kuposa tsiku la Khirisimasi. Munthu mmodzi yekha sanaimbe nthungululu: amayi anga. Anakhala duu, manja ali pamiyendo, akuyang'ana pansi.

Patangopita masabata awiri kunagwa mvula yamawawa ya masiku angapo, yozizira, ya nkhungu. Mbatata inagwidwa ndi chiwawu. Masamba anada ngati awauka ndi moto, ndipo dimba lonse linkanunkha zowola. Pokumba tinapeza timbatata tonga mazira a nkhunda. Ogula a kumsewu anatinyoza mtengo, ababa n'kungolandira zomwe anapatsidwazo.

Kuyambira pamenepo nyumba yathu inasintha. Njinga inapita. Nkhuku za amayi zinapita imodziimodzi. Ine ndinkangoona zinthu zikutha osadziwa kumene zikulowera, chonsecho zonsezo zinkangolipira chiwongoladzanja, ngongole yeniyeniyo ili chiimire. Ababa analeka kuimba. Akamva belu la njinga kumsewu ankadzuka n'kuzungulira kuseri kwa khola, munthu wamkulu amene sanabepo ngakhale chinangwa cha mwini. Kutchalitchi anthu anayamba kuwatchula kuti “abwana a malata” n'kumawapatsa mpando wakutsogolo, ndipo iwo anayamba kudwala mutu Lamulungu lililonse.

Tsiku lina ndikuchokera kumjigo ndinamva amayi akuwachonderera.

“Kauzeni akuluampingo zoona zake. Mwina atithandiza.”

Ababa anayankha kuti, “Nambewe, malata akhomedwa kale. Ndikawauze kuti akhomole?”

Ine sindinamvetse, kapena ndinene kuti sindinafune kumvetsa.

A Kamwendo anabwera Lachiwiri m'mawa ndi anthu awiri atanyamula chingwe. Sanachite phokoso. Anapereka moni mwaulemu, anafunsa za moyo, kenako n'kunena kuti miyezi yakwana. Anthu aja analowa m'khola n'kumanga Mawanga m'khosi. Inakana. Anaikoka, anaikwapula ndi nthambi, koma inangodzika miyendo pansi, mimba ili gwaa, ikundiyang'ana ine.

“Musaimenye, ili ndi bere,” anatero ababa. Kenako, osandiyang'ana kumaso, anati, “Lute, tenga makoko a nthochi uitsogolere. Imamvera iwe.”

“Ikupita kuti, ababa?”

Anayankha ndi amayi. “Ikukalipira malata aja unavinira.”

Mayo ine! Ndinaitsogolera ndekha. Ndinkayenda patsogolo makoko ali m'manja, iyo ikunditsatira mokhulupirika, mpweya wake wofunda ukundigunda pamkono. Njira ya ku Nsipe imadutsa pafupi ndi tchalitchi. Dzuwa linali litawomba padenga latsopanolo moti linkathobwa m'maso. Ndinalira kuchokera pamenepo mpaka kumsewu waukulu. Titafika kuseri kwa golosale ndinaipatsa khoko lomaliza, ndipo ili mkati motafuna ndinathawa. Inandiitana kawiri. Sindinacheuke.

Nditabwerera ndinapeza ababa atakhala pakhonde, khola lili pululu. Anatiitana ine ndi amayi, n'kuvula chipewa ngati akulankhula ndi akuluakulu.

“Ndakulakwirani, ndipo ndalakwira Mulungu,” anatero. “Iye sanandipemphe malata khumi ndi awiri. Ndinapereka zimene sizinali zanga kuti anthu andiwombere m'manja. Kuyambira lero m'nyumba muno simudzalowanso ngongole, ngakhale ya mchere.”

Ndinkaganiza kuti ndi mawu chabe a munthu wosweka mtima, koma ayi ndithu. Tinadyadi ndiwo zopanda mchere masiku anayi, golosale ya m'mudzi mwathu ili pomwepo, mwini wake ali wokonzeka kutilemba m'buku. Tikakolola, ababa ankayamba apatula gawo la Mulungu, kenako mbewu ndi chakudya cha chaka, ndipo zogula zinkachokera pa zotsalazo. Zikapanda kutsala, sitinkagula. Feteleza wa ngongole anamukana, n'kumakatuta manyowa kwa anansi posinthana ndi ganyu. Anthu ankawaseka kuti ndi wouma mutu. Ineyo ndinkanyansidwa nazo, pakuti diresi langa linafika pothina m'khwapa.

Chaka chotsatira, pa Lamulungu la masika, pamene aliyense amabweretsa zokolola zake kutchalitchi, ababa anadzaza kabeseni ka mbatata n'kundiuza kuti ndisenze. Mlembi analengeza kuti, “Mbatata, beseni limodzi.” Anthu anawomba m'manja kawiri. Ena ananong'onezana kuti abwana a malata agwa nayo. Ine ndinkafuna nthaka itang'ambika ndilowemo. Koma titayamba nyimbo ndinamva benchi ikunjenjemera. Ababa ankaimba.

Pobwerera anandiuza kuti, “Chaka chatha tinapereka za a Kamwendo. Lero tapereka zathu.”

Mayeso a Sitandade 8 ndinakhoza, ndipo dzina langa linatuluka pa osankhidwa kupita kusekondale. Fizi panalibe. Mawanga inali itaswera kale m'khola la eni, ndipo tinamva kuti kanali kang'ombe kakakazi. Amalume anawauza ababa kuti akakongole kwa a Kamwendo omwewo, ndi nkhani ya sukulu iyi, Mulungu amvetsa. Ababa anakhala tsiku lonse osadya. Madzulo ake anandiitana n'kundiuza kuti chotsala choti n'kupereka chikole ndi dimba lokha, ndipo dimbalo likapita tonse tidzafa ndi njala. Misozi inkatsika m'masaya mwawo. Sindinapite kusekondale. Ndinaphunzira kusoka kwa azakhali, ndipo mpaka lero ndimadya za makina osokera.

Kwa zaka zambiri ndinkasunga zinthu ziwiri mumtima: mkwiyo pa ababa, ndi manyazi pa mawu anga aja a machesi. Sitinkazikamba. Ndinadzazitulutsa ababa ali gone m'chipatala ku boma, ine ndili kale ndi ana awiri. Ndinali nditangowamwetsa phala, ndipo ndinagwada pambali pa bedi.

“Ababa, ndine ndinagulitsa Mawanga. Ndi pakamwa panga paja. Mundikhululukire.”

Anandigwira pamutu ndi dzanja lopepuka ngati tsamba louma.

“Unali mwana, Lute. Wamkulu ndinali ine. Sukulu yako ndinadya ndine.”

Anamwalira patapita masiku atatu. Pamaliro, mwambo usanathe, mkulu wa kubanja anaimirira monga timachitira kwathu, n'kufunsa ngati alipo amene malemuwa anali naye ngongole, kuti anene thupi lisanatsikire m'manda. Anafunsa kachiwiri. Anafunsa kachitatu. Khamu lonse lija, ndi a Kamwendo omwe ali pomwepo ndi ndodo yawo ya ukalamba, panalibe anatsokomola. Amayi anandigwira dzanja n'kulifinya.

Lero ndikamamva alaliki ena akuuza anthu osauka kuti akakongole n'kupereka, akuti Mulungu adzabweza kakhumi, sindiwomba m'manja. Ine ndinaona amene anabwera kudzatenga, ndipo anabwera ndi chingwe. Ndikudziwa tsopano kuti Mulungu amalandira chimene chili m'manja mwako, ngakhale kabeseni, ndipo amene amafuna zoposa pamenepo ndife anthu, ndi maso athu ndi pakamwa pathu. Ana anga amati ndine wouma manja chifukwa sinditenga katundu wolipira pang'onopang'ono. Ndimangowasiya anene.

Ndimapempherabe m'tchalitchi chomwechija. Malata aja anachita dzimbiri, koma sadontha. Mvula ikamagwa mkati mwa mapemphero anthu amayamika Mulungu chifukwa cha denga labwino, ndipo nanenso ndimayamika. Koma maso anga amathawira kumwamba n'kuyamba kuwerenga mpaka khumi ndi awiri, ndipo m'phokoso la mvulalo ndimamva Mawanga ikundiitana kuseri kwa golosale ku Nsipe.