Chikwangwani M'munda mwa Amayi

Ndikalowa m'sitolo za ku Lilongwe ndimapeza timapaketi ta nyemba tolembedwa kuti zinalimidwa popanda feteleza, mtengo wake woboola m'thumba. Ndimangotibwezera pomwe ndatitenga.

Amayi anga ankalima choncho kwathu kwa Dzoole, nthawi ya chipani chimodzi. Bambo atamwalira, amayi ankasenza okha manyowa a mbuzi m'dengu kupita nawo kumunda, kuseri kwa phiri. Chimanga chamakolo, nyemba ndi maungu ankabzala pamodzi. Alangizi a zaulimi ankati umenewo ndi ulimi wa anthu otsalira.

Chaka china mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Munda wachitsanzo wa atcheyamani a chipani, wothira feteleza, unapserera. Wa amayi unali biriwiri. Tsono kunkabwera akuluakulu a boma kudzayendera mbewu.

Alangizi anafika ndi atcheyamani, anyamata a chipani ali pambuyo atanyamula chikwangwani.

"Mayi, tibwerekeniko mundawu tsiku limodzi," anatero alangizi, maso ali pansi.

"Munda amabwereka ngati khasu?" anafunsa amayi.

"Kodi mukukana chitukuko?" anatero atcheyamani.

Amayi anangovomera. Ndende ya ku Dzaleka sinali kutali.

Anyamatawo anazula nyemba ndi maungu onse, ati munda wamakono susakaniza mbewu. Nyembazo zinali zitayamba maluwa. Anakhoma chikwangwani chonena kuti uwu ndi munda wa feteleza, pansi pake dzina la atcheyamani.

Alendo atabwera, ife ana asukulu anatindandalika m'mbali mwa njira kuti tiziwomba m'manja. Amayi anali m'gulu la amayi oimba, atavala nsalu ya chipani. Ndinawaona akuvina, akuyang'ana mulu wa nkhwani wofota kuseri kwa chulu. Atcheyamani anafotokoza bwinobwino mmene anathirira feteleza, ndipo alendowo anawapatsa mphoto ya wilibala yatsopano.

Chimanga tinakolola tokha, koma ndiwo tinalibe. Chaka chonsecho tinadalira bonongwe ndi chisoso, pena mchere wokha.

Chikwangwanicho palibe amene analimba mtima kuchizula, choncho amayi ankalima mochizungulira mpaka chiswe chinachigwetsa. Tsiku lina atcheyamani anatuma mwana kudzanena kuti amayi akafuna kututa manyowa, akhoza kubwereka wilibala.

"Ukawathokoze," anatero amayi. "Mutu wanga sunathyoke."