Rula ya Esinati

Rula ija ndikadali nayo. Ndi yathabwa, yobenthuka kumapeto, ndipo kuseri kwake munthu anazokotapo ndi msomali dzina loti Esinati. Ana anga amakokera nayo zinthu zikagwera kunsi kwa bedi. Sanandifunsepo kuti Esinatiyo ndani, ine ndiye sindiwauza dala.

Tinafika ku Kapondo pa lole chilimwe chitangoyamba, ine, amayi ndi amalume. Bambo anali atatisiya kale, choncho tinkangotsata amalume kulikonse kumene apeza utenanti wa fodya. Chaka chimenecho anayambana ndi kapitawo wa esiteti ina ku Kasungu, basi tinamanga katundu. Ine ndinali Sitandade 8, ndipo dzina langa la mayeso linatsala kusukulu ya komweko. Zobwerera kunalibe. Amalume analumbira kuti m'bale wawo aliyense sadzapondakonso.

Inali nthawi yothirira nazale. M'mawa uliwonse tinkatsikira kudambo ndi makheni, madzi ake onunkha matope, zogwirira zake zotupitsa matuza m'manja. "Sukulu yatha basi," amalume ankatero. "Manja akowa akufunika kuno." Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo ndinkadziwa kumene atsikana a msinkhu wanga amathera akasiya sukulu pa esiteti.

Aphunzitsi a pasukulu yoyandikana nafe anandipeza masana ena pansi pa mtengo wa mango, ndikuwerenga kope langa lakale. Anandifunsa masamu angapo, ndinayankha. Mawa lake anatulukira kwathu pa njinga, thalauzi atalipisira m'sokosi. Anati kulembetsa mayeso kunatsekedwa kalekale, koma panali mtsikana wina, Esinati, amene analembetsa kenako n'kuthawira ku Chipata ndi mwamuna wogula mtedza. Masiku amenewo ziphaso za mayeso zinalibe zithunzi. "Mpando wake ukungokhala," anatero. "Mwanayu mutu ali nawo, akhalepo." Amalume anang'ung'udza, koma amayi anagwada n'kuwomba m'manja.

Lero ndikawakumbukira aphunzitsi aja sindidziwa kuti ndiwapempherere kapena ndiwatukwane. Anali munthu wabwino, sanapemphe ngakhale nkhuku, ndipo ubwino wawowo ndi umene unandipweteka.

Amayi ndiwo anatenga ntchito yondizoloweretsa dzinalo. Tili pakati pa nazale ankangofuula mwadzidzidzi, "Esinati!" Ndikachedwa kucheuka, chibuma cha dothi chinkandipeza pamsana. Pasanathe masabata awiri ndinkacheuka ngati galu akamva likhweru. Tsiku lina anaiwala, anandiitana dzina langa lenileni, lija anandipatsa bambo. Ine osacheuka. Anaseka kaye, kenako anatola makheni n'kutsikira okha kudambo.

Aphunzitsi ananditengeranso kwa mayi ake a Esinati, kutsidya kwa dambo, kuti avomereze. Anali mayi wamtali, wachitenje chofwifwa, ndipo tinawapeza akusenda mtedza pakhonde. Anandiyang'ana nthawi yaitali kuyambira kumutu mpaka kuzala zanga zong'aluka. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi rula ija. "Ankaikonda," anatero. "Ukalembe bwino, usakandichititse manyazi."

Sabata ya mayeso kunatentha koopsa. Malata ankalira thethethe, nyenje zikusokosera kunja, thukuta likudonthera papepala. Pamwamba pa pepala lililonse ndinalemba dzina la mwana wa eni ake, mosamala kuposa mmene ndinalembera langa chibadwire. Ndinakhoza, ndinasankhidwa kupita kusekondale, ndipo kagulu kena kothandiza atsikana ovutika kananditenga mpaka Fomu 4. Konseko ndinali Esinati. Ndinkadziona wamwayi kuposa ana onse a matenanti.

Zaka zambiri ndinaphunzitsa mongothandiza pasukulu ya mkaka, ndikudikira ntchito yeniyeni. Pamene inkapezeka, kunali kutabwera ziphaso za unzika. Esinati mwiniwake anali atabwerako ku Zambia ndi ana anayi, analembetsa dzina lake m'mudzi mwake monga kuyenera. Ine ndinalembetsa langa, nanga ndikanatani? Ku ofesi ina kalaliki anaika chiphaso changa pafupi ndi satifiketi, n'kuvula magalasi. "Mayi, awatu ndi anthu awiri. Anaphunzirayo ndi uti?" Anati ndikalumbire kukhoti ndi mboni. Mboni zake ziti? Aphunzitsi anamwalira, amayi anamwalira, ndipo kulumbirako n'kudziulula ndekha kuti ndinalowa m'mayeso mwachinyengo. Ndinayesa maofesi ena awiri, funso linali lomwelo. Ndinatopa, ndipo kunena zoona mtima wofuna kuyesanso unafa.

Panopa ndimagulitsa tomato pamsika wa pa Boma. Esinati amadutsa nthawi zina, amandinenerera mtengo ngati wina aliyense. Kalata salemba bwinobwino, ndipo sadziwa n'komwe kuti ali ndi satifiketi ya Fomu 4 m'sutikesi mwanga. Zimandiwawa, ndipo sindimuda iyeyo ayi, ndimangosowa woti ndimude.

Chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi tsiku limene zotsatira zinatuluka, mvula yoyamba itagwa, dothi likununkhira. Mayina anawamata pachitseko cha ofesi ya ahedi. Mayi ake a Esinati anabwera matope ali m'miyendo, napempha munthu kuti awalozere ndi chala pamene panali dzinalo. Analigwira, kenako anaimba nthungululu mpaka ana a Sitandade 1 anatuluka m'kalasi. "Mwana wanga wakhoza! Mwana wanga wakhoza!" Ine ndinaima pambali pawo, rula ili m'manja, mano onse pamtunda, kudikira kuti andikumbatire. Sanandiyang'ane n'komwe. Ndinaganiza kuti chimwemwe chawasokoneza mutu.

Ndinali mwana, sindikanadziwa kuti pa anthu onse amene anali pabwalo paja, mayi amene aja okha ndiwo ankanena zoona. Anakhoza ndi Esinati. Ine mpaka lero sindinalembepo mayeso.