Kalipenga ka a Callista

Ambiri amene tinabadwira kumakomboni a esiteti yathu, munthu woyamba kumva mtima wathu anali a Callista, namwino komanso mzamba wa pakachipatala kamene kali kuseri kwa fakitale ya tiyi. Ineyo anandimva ndili m'mimba mwa amayi anga. Mwana wanga Leah anamumvanso ndi iwo omwewo.

Kwawo ndi ku Khonjeni, ngakhale agogo awo anachokera ku Mozambique wapansi kudzathyola tiyi. Unamwino anauphunzira kumishoni ya a Sabata, ndipo tiyi amene tonsefe timadyerapo iwo samamwa, monga a Sabata anzawo. Ukawapatsa amati, "Ine tiyi ndimangomununkhiza, fakitale imandikwanira." Amuna awo anamwalira kalekale. Ana awo ali ku Blantyre.

Ine sukulu ndinalekezera Folomu 2, koma maso ndili nawo. Ndinaona kuti a Callista anali ndi zomvetsera zitatu. Chachikulu, cha mapaipi akuda ovala m'makutu, chinali cha akuluakulu, monga azibambo a kufakitale otsokomola fumbi la tiyi. Chaching'ono, chakukamwa ngati chitsekerero cha botolo, chinali cha makanda, ndipo nthawi ya chiperoni ankayamba achifunditsa m'khwapa asanachiike pachifuwa cha mwana. Chachitatu chinali kalipenga ka mtengo, kosalala chifukwa chogwiridwagwiridwa, komvera mtima wa mwana amene sanabadwe. Ankakaimika pamimba, n'kugoneka khutu kumapeto kwake, n'kuchotsapo dzanja. Akaupeza mtima sankanena kanthu. Chala chawo chinkangoyamba kugogoda pamkono pako, ti ti ti ti, mofulumira monga mmene mtimawo ukugundira.

Kenako kunabwera namwino wachitsikana, a Joan, ndi kamakina ka mabatire. Amakupaka mafuta ozizira pamimba, kamakina n'kumalira mokweza, mpaka amene ali pabenchi panja n'kumamva mtima wa mwana wako. Azimayi anakakonda. Unkamva wina akukuwa, "Amake Phillip, wanuyu akuthamanga ngati wapezedwa ndi alonda akutola nkhuni!" A Callista sanakakane kamakinako, koma nthawi zonse ankayamba ndi kalipenga.

"Amama, mtengo umenewu mudzalowa nawo m'manda," a Joan ankawaseka.

"Mwanawe, kamakina kakoka kalibe mwambo," iwo ankayankha. "Kamalengeza maliro eni ake asanauzidwe."

Chimene ankatanthauza ndinachidziwa pa mimba yanga yachiwiri. Tsiku limenelo chala sichinagogode. Anachotsa kalipenga, anandifunditsa chitenje, anatseka chitseko, n'kutuma munthu kukaitana apongozi anga kumunda wa tiyi. Apongozi atafika n'kundigwira mapewa, m'pamene anandiuza, m'Chilomwe, pang'onopang'ono. Pabenchi panja panalibe amene anadziwa. Kuchipatala chachikulu anapimanso, n'kupeza zomwezo. Mwanayo anabadwa ali chete.

Tsopano ndili ndi mimba ina, ndipo mantha sandichoka. Ndikamathyola tiyi, dengu kumsana, ndimangoima pakati pa mzere kudikira kuti mwana asunthe. A Jeremiya, kapitawo wathu, amakuwa kuti, "Amake Leah, tiyiyo mukumupempherera?" Ine ndimangoimabe mpaka nditamva kaphazi.

Mwezi watha ndinadzuka mwana ali zii. Ndinamwa madzi ozizira, ndinagonera kumanzere, osamva kanthu. Ndinasiya Leah kwa apongozi osawauza chifukwa, n'kupita kusikelo.

"Amake Leah, nkhope yotereyi mwaitenga kuti?" a Callista anandifunsa. "Gonani apa tione."

Anaimika kalipenga pamimba. Ine maso anga anali pa chala chawo. Chinangokhala pamkono panga. Anasunthira kalipenga kumanzere, kenako pansi pa mchombo. Kenako anachita chimene sindinawaonepo chiyambire: anatembenuza mutu n'kuikapo khutu linalo. Chala chili phee. Atadzutsa mutu anayang'ana kuchitseko, ndipo ine ndinadziwa chimene chikubwera.

"Musaitane apongozi, anesi," ndinatero ndikulira. "Ndiuzeni ndekha. Njira yake ndikuidziwa kale."

A Joan anamva kulirako n'kulowa, kamakina kali m'manja.

"Amama, tiyese aka."

"Dikira. Pabenchi padzaza anthu."

"Yesani," ndinatero ine. "Amve onse, zilibe kanthu."

A Joan anandipaka mafuta aja. Poyamba kamakina kanangoti shwaa. Kenako kanayamba, wugu wugu wugu wugu, mokweza, mosaphonya. Panja mayi wina anakuwa, "Ameneyo anangogona, ndi waulesi ngati bambo ake!" Benchi yonse inaseka. Inenso ndinaseka, misozi ikulowa m'makutu.

Nditapukuta m'maso ndinaona a Callista. Iwo sankaseka. Anapukuta mafuta ndi nsalu, n'kuimika kalipenga pamalo penipeni pamene kamakina kanaupeza mtima. Anamvetsera nthawi yaitali, mpweya ataugwira. Chala chawo chinali pamkono panga, chozizira, chosasuntha.

"Joan, akumveka bwino?"

"Kwambiri, amama."

"Ine ndikungomva ngati mvula ikugwa kutali."

A Joan anazimitsa kamakina. Pamenepo ndinakumbukira kuti masiku apitawa a Callista ukawauza kanthu ankati ubwereze, ndipo ankakuyang'ana pakamwa polankhula. Tonse tinkati ndi kutopa.

"Ndakulizani chabe, amake Leah," anatero. "Mwana ali moyo. Lafa ndi khutu langa." Anakhala pampando, kalipenga kali pamiyendo. Kenako anandiyang'ana ndi maso amene sindidzawaiwala. "Nanga uja wa chaka chija? Uja ndinakuuzani..."

"Kuchipatala chachikulu anapimanso, anesi. Munamva zoona."

"Mwati bwanji?"

Ndinabwereza mokweza, ngakhale ndinadziwa kuti pabenchi akumva. Anagwedeza mutu, milomo ikuyenda. Ndikuganiza kuti ankatchula mayina a azimayi ena amene anawapima miyezi yapitayi, mmodzimmodzi.

Palibe amene anawachotsa ntchito. A Joan anawachonderera kuti atsale, azingogwiritsa ntchito kamakina, popeza kameneko ankakamvabe pang'ono. Iwo anakana. Anati chifuwa cha khanda lodwala chibayo chilibe kamakina kokweza mawu, ndipo sangaike chomvetsera pa mwana wa munthu n'kumanamizira kuti akumva. Kumapeto kwa mwezi anabwerera ku Khonjeni kukalima nandolo ndi chinangwa. Zomvetsera ziwiri zija anazisiyira a Joan. Kalipenga anapita nako.

Mwana wanga akusunthabe. Kwatsala miyezi iwiri. Kusikelo tsopano amayamba ndi kamakina, ndipo ndikamagona pabedi paja ndimadziwa kuti chilichonse chimene chingamveke, kapena kusamveka, ndichimva pamodzi ndi benchi yonse.

Lachisanu lapitali ndinapita ku Khonjeni kwa mchemwali wanga, ndipo ndinaona a Callista pamsika akugula mchere Sabata lisanalowe. Anavala chitenje ndi duku ngati mayi wina aliyense. Ndinkafuna ndiwauze kuti mwana akumenya mwamphamvu, mwinanso aikepo dzanja amve okha. Anali atayamba kale kuchoka.

"Anesi!" ndinakuwa. "A Callista!"

Anyamata a kabaza anatembenuka. Amayi ogulitsa nthochi anatembenuka. Iwo anangopitirira, kathumba ka mchere kali m'manja, ndipo ine ndi mimbayi sindikanatha kuwathamangira.