Wotchi ya Liwiro Inatsala Kumanzere

Ndine makanika wa pa Santhe, ndipo bodzali ndinalinenadi. A Phiri, mlimi wa fodya, anabweretsa kagalimoto kakale kampikisano, ka mipando iwiri, kuti ndisamutsire chiwongolero kumanja. Chiwongolerocho ndinasamutsa bwinobwino, koma waya wa wotchi yoonetsa liwiro sunafike. Kukasaka wina ku Lilongwe ndinachita ulesi, ndiye wotchiyo ndinangoisiya kumanzere konko.

"Nanga iyi mwaisiyiranji uku?" anafunsa a Phiri.

"Bambo, galimoto zoterezi liwiro amawerenga ndi akazi anu," ndinayankha osaphethira.

Anakhulupirira. Lero akamapita ku Kasungu, mayi Phiri amakhala pambali pawo n'kumakuwa kuti, "Chepetsani, bambo!"

Anzanga akuti ndikapepese. Ndikapepese chiyani? Kale mayiwo ankangosiyidwa pakhomo.