Mayi Namakhwa ndi Mahedi Asanu ndi Mmodzi

Mayi Lucy Namakhwa, mwana wa bambo wothyola tiyi, adayamba kuphunzitsa sayansi mu 2012 pa sekondale yoyendera ina kuseri kwa msika wa Chonde. Pa zaka khumi ndi ziwiri adagwira ntchito ndi mahedi asanu ndi mmodzi.

Oyamba anali a Bizwick Muhiwa. Iwowa adaitanitsa makolo n'kuwauza kuti mwana sangakhoze sayansi pongomva ndi makutu, pafunika labotale. Makolo adaumba njerwa miyezi iwiri, amayi akutunga madzi, abambo akuponda dothi. Esiteti ina ya tiyi idapereka mabokosi atatu a zipangizo. A Namakhwa adayeza okha malowo ndi chingwe, akuseka. Khoma litafika m'chiuno, a Muhiwa adalandira kalata yowasamutsa.

Olowa m'malo mwawo adaliyang'ana khomalo n'kupukusa mutu. "Atsikana akugona m'nyumba za lendi ku msika. Apa pakhale hositelo." Adagumulitsa zipupa ziwiri, ndipo chaka chisanathe nawonso adapita. Achitatu adati sukulu yopanda mpanda si sukulu. Njerwa zotsala zidapita ku mpanda umene udathera pa ngodya yoyamba. Achinayi adachoka asanadziwe n'komwe mayina a aphunzitsi. Iwowa ankangotchula a Namakhwa kuti "mayi a sayansi".

Zaka zonsezi mabokosi aja anali mu ofesi. Hedi aliyense ankati sangawatsegule asanaone pepala losonyeza zili m'katimo, koma pepalalo palibe ankadziwa kumene lili. Poyamba a Namakhwa ankakumbutsa teremu iliyonse. Kenaka adasiya. Ankajambula zipangizozo pa bolodi ndi choko, ana n'kumakopera, pa mayeso n'kumalephera.

Tsiku lina akugula nanazi pa Chonde adakumana ndi bambo Morris, mmodzi wa makolo amene adaumba njerwa.

"Aphunzitsi, musadabwe kuti ku misonkhano sitibweranso," adatero bambowo. "Kondie wanga ankasenza nawo madzi ali fomu wani. Pano ali ndi ana awiri. Tizibwera kudzamva chiyani?"

"Sindikudziwa, bambo," adayankha a Namakhwa. Adalipira nanazi uja n'kumapita.

Hedi wachisanu anali mayi wosachedwa ndi mapepala. Sabata yawo yoyamba adatenga nyundo n'kutsegula mabokosi onse atatu. Chiswe chinali chitalowera pansi n'kumanga dothi m'katimo. Mabuku anali ufa, mankhwala atauma m'mabotolo, magalasi ambiri atasweka posunthasuntha.

"Pepani kwambiri, amayi," adatero ahediwo.

A Namakhwa adadikira kuti mtima uwawe, koma sudawawe. Adasankha timabotolo tinayi tabwino, adatitsuka pa mjigo, n'kulowa m'kalasi chifukwa belu linali litalira.

Achisanu ndi chimodzi, a Godwin Mulepa, adafika ndi kope lodzaza mapulani. Adapempha a Namakhwa kuti anene chimene akufuna kuti chisinthe.

"Choko chikhalepo basi," adatero.

Chaka chatha kalata idabwera ya a Namakhwa eni. Adawakweza kukhala hedi pa sekondale ina cha ku Muloza. Anzawo adawagulira chitenje, ana adaimba nyimbo imene ankaimbira aliyense wochoka.

Adatsika minibasi pa Muloza, n'kukwera kabaza mpaka ku sukuluko. Aphunzitsi asanu ndi atatu adaima pa khonde, manja ali kumbuyo. Palibe adaoneka wokondwa kapena wokhumudwa. Wamkulu mwa iwo, a Honest, adawapatsa makiyi a ofesi.

"Takulandirani, ahedi. Kaya tingafunse, mukhala nafe nthawi yaitali bwanji?"

"Kalata sinanene," adayankha a Namakhwa.

A Honest adagwedeza mutu, n'kuwasonyeza kiyi imene imavuta potsegula.